Nyale ya Arcadia ProT5 12%: yoyenera mwana wa kamba wosungidwa m'nyumba

Kamba wamng'ono amene sakuwombedwa ndi dzuwa amafunika kuwala kwa UVB (mbali ya kuwala kwa dzuwa yosaoneka ndi maso) kuti thupi lake lipange vitamini D3. Popanda vitamini ameneyu, calcium wa m'chakudya sagwira ntchito. Chigoba chimafewa, miyendo n'kufooka. Nyale iyi imathetsa vutoli bwino, chifukwa ndi yaitali ndipo imawalitsa malo otakasuka kuposa mababu ozungulira a UVB.

Ipachikeni masentimita 40 mpaka 45 pamwamba pa chigoba, iziyaka maola 12 patsiku. Pakati pa nyale ndi kamba pasakhale galasi kapena pulasitiki, chifukwa zimatchinga UVB. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ikatha chaka isintheni ngakhale ikuwalabe, poti mphamvu ya UVB imachepa maso osaona.

Pofooka pake m'pakuti situlutsa kutentha kokwanira. Mufunika babu lina lofunditsa mbali imodzi ya khola lake mpaka madigiri 32, mbali inayo ikhale yozizira ndi pobisala. Mtengo ndi wokwererapo, koma tikuivomereza. Musaiwale kuwaza ufa wa calcium pa masamba katatu pamlungu.