Majete kapena Blantyre? Ndemanga yanga kwa amene mukufuna kutenga ana holide ino

Kwa makolo anzanga a kuchigwa kuno amene mukudabwa kuti sukulu zikatsekera ana muwatengere kuti, kutauni kukapuma kapena kutchire kukaona nyama, ine yankho langa ndi Majete, nyenyezi 4 pa 5, ndipo imodzi yotsalayo ndachotsera dzuwa osati anthu ake. Ife timakhala ku Nchalo, zonse ziwiri taziyesa ndi ana omwewo komanso apongozi omwewo ndiye sindikuyankhula zongomva.

Za kutauni ndi zachidule. Blantyre kwa munthu wakuno ndi mpumulo weniweni, sitingakane, ukangoyamba kukwera Thabwa mphepo imasintha ndipo pofika pamwamba ana ayamba kale kufunsa majuzi. Apongozi anagona tulo tabwino zedi osadzuka usiku kunyowetsa chitenje monga amachitira kuno kukatentha. Tinakaona museum ya ku Chichiri, tchalitchi cha St Michael chija anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, kenako ku mall tchipisi ndi ayisikilimu. Zabwino ndithu. Koma ndalama imatuluka mwakachetechete, apa takisi, apa chakudya, apa mwana waona nsapato pa windo, pomwe loji yomwe tinagona madzi otentha kunalibe m'mawa chonsecho mtengo wake unali wa anthu olemera. Ndipo kutacha anawo anangogwira mafoni basi, TV, foni, TV, mpaka ndinafunsa bambo awo kuti kodi zimenezi ndi zomwe tinakwerera phiri lonse lija?

Ku Majete sufunika kugona n'komwe, umapita m'mawa madzulo uli pakhomo pako. Kuchokera ku Nchalo ndi M1 mpaka pa Dyeratu, kukhotera kwa Chikwawa boma, kenako kulunjika njira ya ku Kapichira, chakumapeto kuli fumbi ndiye musavale zoyera. Minibasi sikulowetsani kutchire ayi, pamafunika galimoto yanu kapena yahayala, ife tinasonkherana ndi banja la mlamu wanga kuti mafuta asatilemere. Apa ndiye pali ndalama yaikulu pa ulendo wonse. Zolipira pa geti kwa ife Amalawi ndi zotsika kwambiri poyerekeza ndi alendo akunja, ingonyamulani chiphaso chanu cha unzika. Dalaivala yemwe tinapangana naye anabwera mochedwa, zinandiwawa chifukwa nyama zimayenda m'mawa kusanatenthe, ndiye inu panganani naye nthawi ndipo muziimba foni usiku wake.

Mutha kuyendetsa nokha mkatimo ngati galimoto yanu ndi yokwera bwino, koma ine ndikuti lipirani gayidi ndi galimoto yawo yotsekula ija. Kusiyana kwake ndi kwakukulu heavy. Ife tokha tikanangoona tchire ndi nswala, koma achimwene aja amaona khutu la nyama pakati pa mitengo pomwe iwe ukuona masamba ouma basi. Anaimika galimoto n'kuwafunsa ana kuti nyama ziwiri zili apozo ndi mtundu umodzi kapena ayi, ina yakuda yaubweya m'khosi ndi nyanga zopota, inayo yofiira yamizere yoyera yopanda nyanga, ana onse akuti ndi zosiyana. Nkuti zonsezo ndi boo, yaimuna ndi yaikazi. Chisamba wanga mpaka lero amawafunsa anzake funso lomwelo. Ana amangoti ankolo iyo ndi chani, ankolo nanga iyo, munthu osatopa, kuyankha lililonse.

Tsono njovu. Tinazipeza zikudutsa msewu kulowera ku Shire, gayidi anazimitsa injini nkutiuza motsitsa mawu kuti aliyense akhale pansi osaimirira osafuula. Pamene paja kunali zii, umangomva nthambi zikuthyoka ndi kulira kwa m'mimba mwake kuja kwapansipansi, kamwana kake kakuyenda pakati pa miyendo ya make chitamba chikungogwedera sikanadziwe chochita nacho. Yaikulu ina inaima n'kutiyang'ana, makutu kupiza kupiza, fumbi lili mbuu pamsana. Mzime wanga anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Apongozi, amene kunyumba ankakana kubwera akuti nyama ndikaonerenji ine mvuu zinatimalizira chimanga kudimba ku East Bank, anangogwira pakamwa. Itadutsa gayidi anawafunsa kuti agogo mwaona bwanji, iwo akuti mwanawe, ndakalamba kuchigwa konkuno koma chimenechi ndinkangochimva. Mvuu zokha ndiye sanazikhululukire, titafika pamtsinje anatembenukira kumbali.

Chomwe chinandigwira mtima ine ndi mbiri ya malowa, ndipo ndi nkhani yoti ana athu aidziwe chifukwa ndi yakwathu. Pofika zaka za m'ma 1990 njovu zonse mu Majete zinali zitatha ndi opha nyama mozemba, zipembere ndi mikango zinatha kale kumbuyoko, mitengo ikungopita ku makala. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuti liziyendetsa malowa, chaka chomwecho anabweretsa zipembere, njovu zinabwera 2006, mikango 2012, anyamalikiti 2018, ma cheetah 2019, mimbulu 2021. Lero Big Five yonse ilimo, njovu, mkango, kambuku, njati ndi chipembere, m'tchire la masikweya kilomita 700 lozunguliridwa ndi mpanda wamagetsi kuti nyama zisamalowe m'minda ya anthu. Njovu zinaswana mpaka mu 2016 ndi 2017 pamene ankasamutsa njovu 500 kupita ku Nkhotakota, zina zinachokera konkuno zina ku Liwonde. Tangoganizani, malo amene analibe njovu ngakhale imodzi kufika pogawira anzawo.

Koma musawalonjeze ana mkango. Ife sitinauone, tinangoona mapazi ake pamchenga, chipembere ndiye chimabisala kwambiri. Si zoo iyi, nyama zili pakwawo ndipo zimaoneka zikafuna. Mwana wa mlamu wanga analira chifukwa bambo ake anali atamuuza kuti akaona mkango basi, ndiye inu muziwauza kuti tikukasaka ndi maso, chomwe tipeze ndi chomwecho. Njati tinaona gulu lonse, mbidzi, ngoma, anakodzwe, njiri zikudya chogwada, ng'ona zitayasama pamchenga, nkhwazi pamtengo. Zokwanira.

Anatitengeranso pa mathithi a Kapichira pomwe ulendo wa Livingstone wa pa boti unathera mu 1859 chifukwa madzi ake sakwereka, ndipo pomwepo pali damu lopangira magetsi lija linawonongeka ndi namondwe wotchedwa Ana mu January 2022 dziko lonse n'kumagona mumdima. Ana akulu amakumbukira kuzima kwa magetsi kuja ndiye ataona malo ake enieni mafunso anachuluka, magetsi amatuluka bwanji m'madzi, nanga mvula ikachepa zimatha bwanji. Bambo awo anachita kutuluka thukuta poyankha.

Tsopano zovuta zake, ndipo izi ndi zomwe zingakupangitseni kusankha kutauni. Kutentha. Inu nomwe mukudziwa October ndi November kuno zimadutsa madigiri 40, ndipo pagalimoto yotsekula ikafika 10 koloko mwana wamng'ono amayamba kulira, sutuluka mwachisawawa, chimbudzi sichili paliponse, msewu ndi wodumphitsa. Ngati muli ndi khanda kapena wa zaka zitatu kutsika pansi, kapena agogo a BP amene kutentha kumawadwalitsa, pitani ku Blantyre ndithu mukapume mphepo, palibe cholakwika. Majete ndi ya mwana amene angathe kukhala phee mphindi zingapo akauzidwa. Nthawi yabwino ndi May mpaka August, ndiye holide yaitali ija ya kumapeto kwa chaka cha sukulu ikugwirizana bwino, udzu wauma nyama zikutsikira kumadzi zikuoneka. Ya December ndi yamvula, tchire limabiriwira mokongola koma limabisa nyama ndipo misewu ina imavuta ndi matope.

Nyamulani madzi ambiri, mabotolo ena muwaumitse mu fuliji usiku, zipewa, nsapato zotseka osati mapatapata. Ife tinatenga mpunga wa nkhuku, zitumbuwa ndi thobwa m'chigubu, tinadyera kumalo a alendo pafupi ndi geti, kuli lesitilanti kwa ofuna kugula komanso dziwe losambira lomwe ana analowamo osafuna kutuluka, ndiye musaiwale zovala zosambira ndi mathawulo. Chakudya musasiye poyera chifukwa apusi ndi anyani sachedwa. Galimoto ya gayidi muzisungitsiratu pa foni makamaka Loweruka ndi Lamulungu chifukwa anthu ochokera ku Blantyre amatsika ambiri, ndipo funsani ya m'mawa kwambiri. Amakhalanso ndi ulendo wa pa boti mu Shire, ife nthawi inatichepera, apongozi anenetsa kuti pa boti pokha sadzakwera ndiye tikadzapita adzatsala ndi mzime ku dziwe.