Ndemanga pa ntchito yokonzanso injini ya Land Rover Series III m'malo moikamo ina

Galimoto yanga ndi Land Rover Series III ya 1978, ndipo injini yake ya petulo ya malita 2.25 inali itayamba kufuka utsi wabuluu, kumwa oyilo ndi kulephera zitunda. Ambiri ankandilangiza kuti ndiichotse n'kuikamo injini ya dizilo ya Land Rover yotchedwa 200Tdi, choncho ndinapita ku galaja ina ya ku Blantyre kukafunsa mtengo wa ntchito imeneyo.

Chimene ndikuwayamikira kwambiri amakaniko a pamalopa n'chakuti sanathamangire ndalama, koma anayamba andifotokozera zimene injini yatsopanoyo ikanabwera nazo. Sanabise kuti 200Tdi, yomwe inayamba kutuluka mu 1989 m'galimoto za Discovery, ndi injini yabwino ya mahosipawa oposa 100, pamene yakaleyi ili ndi pafupifupi 70 okha, ndiponso kuti imamwa mafuta pang'ono. Koma anandionetsa kuti giyabokosi ya Series III ndi mashafuti a mateyala akumbuyo sizinapangidwire mphamvu zotere, moti woyendetsa akakhala wa phazi lolemera sizichedwa kuthyoka, ndipo mabuleki a madilamu amene amakwanira pa liwiro lakale amayamba kuchepa. Panafunikanso kuwotcherera pokhala injini pena, kusintha ekizosi ndi ladiyeta, kenako kupita ku Road Traffic kukasinthitsa nambala ya injini m'mapepala. Kuwonjezera apo, 200Tdi iliyonse imene munthu angaipeze lero yadutsa zaka 30, ndipo mbiri yake palibe angakutsimikizireni. Titawerengera zonsezi, ndinasankha ovaholo, kutanthauza kukonzanso injini yakale yomweyo.

Ntchito ya m'kati mwa injini anaigwira mwaluso. Anaboolanso masilinda n'kuikamo mapisitoni okulirapo, anapala kulankishafuti, anasintha mabeyaling'i ndi tcheni, ndipo pa hedi anaikapo mipando yolimba ya mavavu chifukwa petulo wa masiku ano alibe mtovu umene unkateteza malo amenewo. Kabureta ya Zenith anaitsuka n'kuibwezera. Pa mapointi, tizitsulo timene timathandiza kupereka moto kumapulagi, ndi pamene tinasiyana maganizo pang'ono, iwo akufuna kuwasunga, ine ndikufuna zoyatsira zamakono zosafuna kutchunidwa kawirikawiri, ndipo anachita zimene ndinapempha. Zitsulo zonse zimene anachotsa anandisungira m'katoni kuti ndidzionere ndekha, zomwe si magalaja ambiri amachita. Anandichenjezanso kuti injini yangayi ndi ya mabeyaling'i atatu a kulankishafuti, osati asanu ngati zomwe zinayamba kutuluka mu 1980, choncho siifuna kuilizitsa kwambiri.

Zodandaulitsa zilipo. Zipangizo zina zinachokera ku Britain ndipo zinachedwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, lomwe si vuto lawo, koma kukhala chete osandiimbira foni ndi mlandu wawo ndithu. Mtengo womaliza unaposa umene tinapangana poyamba, ndipo ngakhale anandionetsa malisiti, akanayenera kundifunsa asanagule. Galimoto itatuluka inkadontha oyilo kumbuyo kwa injini, ndipo anachita kuchotsanso giyabokosi kuti asinthe silo yotsekera oyilo, ngakhale kuti apa sanandilipiritse kanthu.

Panopa injini imalira bwino m'mawa popanda kuikakamiza, utsi unatha, ndipo msewu wokwera phiri la Zomba imaumaliza pa giya yachiwiri ndi yachitatu osatentha. Liwiro lokha silinasinthe, moti mumsewu wa M1 maminibasi amandipitirira monga kale, ndipo petulo imamwabe kwambiri, lita imodzi siifika makilomita 7. M'nyengo zimene mafuta amasowa, zimenezi zimawawa.

Kwa amene galimoto yotereyi ndi yokondedwa chabe, yoyendera Loweruka ndi Lamlungu, ndipo akufuna kuti nambala ya injini ikhalebe yomwe inabwera nayo, ntchito ya galaja imeneyi ndingaivomereze, bola mupangane mtengo polemba. Koma amene akufuna kunyamulira fetereza ndi chimanga tsiku ndi tsiku ataya ndalama zambiri pa petulo, ndipo kwa iyeyo dizilo ndiyo yoyenera, malinga akonzekere kulimbitsanso giyabokosi, mashafuti ndi mabuleki nthawi yomweyo.