Mabainokyula a 8x42 ndakawayesa kunyanja

Mabainokyula amenewa, magalasi oonera zinthu zakutali, ndinagula pakaunjika pa Dedza boma, ndiye Loweruka ndi Lamulungu lapitali ndinatsika nawo Khwekhwerere kudzera pa Golomoti mpaka kunyanja cha ku Mtakataka kukaonera mbalame. Amene simukudziwa, 8 uja akutanthauza kuti chinthu chimayandikira kasanu nkatatu, 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, nchifukwa chake ngakhale mmamawa kusanayere bwino ndimaonabe.

Abale nkhwazi ndinaiona bwino zedi, mutu ndi chifuwa mbee, ikulira itakweza mutu m'mwamba kenaka inatsika nkutola nsomba pamadzi ine mtima phaa. Nantchengwa naye anali pomwepo m'matope, akakowa osawerengeka. Koma chomwe ndinapitira kwenikweni ndi kadzidzi wodya nsomba uja, Pel's fishing owl, wosowa kwambiri, masana amabisala m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa madzi. Masiku awiri osamuona, zinandiwawa ndithu.

Vuto la mabainokyulawa ndi kulemera, kachingwe kawo nkoonda khosi linachita kupweteka, komanso chinyezi chakunyanja chinalowa mkati galasi lakumanzere likuchita nkhungu mpaka dzuwa litakwera. Mukamagula funsani ngati salowa madzi. Ine ndisoketsa lamba wokulirapo kwa atelala, ndibwererakonso mvula isanayambe.