Njanji iti ilowe mu gemu: ya malasha, ya ku Salima, kapena ya m'mbali mwa Ruo?

Akuluakulu, takokana mokwanira pa nkhani ya njanji ya kwathu yoti tiikankhire limodzi kuti ilowe mu gemu yoyendetsa sitima pa kompyuta. Aliyense akutchula imene imadutsa kumudzi kwawo, ndipo tikapitiriza chonchi sitiona ngakhale imodzi, chifukwa womanga njira za mu gemu akamva anthu khumi akupempha njira khumi amangodutsa. Ndaika pambali zitatu zimene zikumveka kwambiri: ya malasha yodutsa pa Nkaya, ya Salima kukwera ku Lilongwe, ndi yakale ija yochoka ku Limbe kutsetsereka kumunsi kwa Shire. Ndisabise, ine mbali ndili nayo, koma ndiyesetsa kuti iliyonse ndiipatse zake.

Tiyambe tagwirizana za gemu yake, poti ena mukulota Train Sim World. Inenso ndimaikonda, zithunzi zake n'zokongola, koma njira zimene Dovetail Games ndi anzawo amatulutsa mmenemo n'za ku Britain, Germany, America ndi maiko ochepa oyandikana nawo, kumene ogula ndi ambiri. Komanso ambirife malaputopu athu akaiona amayamba kulira ngati chigayo. Kumene tili ndi mwayi ndi ku Train Simulator Classic, chifukwa ili ndi chida chomangira njira chimene aliyense angatsegule, ndiponso njanji ya muyeso wathu, wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo zake ziwiri, inalowamo kale kudzera mu njira za ku South Africa monga Outeniqua Choo Tjoe ya pakati pa George ndi Knysna. Trainz nayo si yoipa, kumanga mmenemo n'kophweka. Zonse ndikunena pansipa ndikuganizira magemu awiriwa.

Ya malasha ndi imene ili ndi mavoti ambiri, ndipo chifukwa chake ndikuchimvetsa. Amene anaimapo pa Liwonde sitima ya malasha ikuwoloka Shire akudziwa mmene nthaka imanjenjemerera: mitu inayi yopangidwa ndi kampani ya ku America ya GE, mabogi 120, umayamba kuwerenga n'kusokonezeka usanafike pakati. Njanji yake imachoka ku Moatize m'chigawo cha Tete mpaka kudoko la Nacala-a-Velha, makilomita 912, ndipo kwathu kuno imalowera pa Kachaso ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno, kukakumana ndi njanji yakale pa Nkaya, kenako Liwonde mpaka kutulukira pa Nayuchi. Chigawo cha Kachaso mpaka Nkaya, chopitirira makilomita 130, anamanga ndi a Vale, kampani ya migodi ya ku Brazil, m'zaka za m'ma 2010. Cha Nkaya mpaka Nayuchi chinatsegulidwa mu 1970.

Ubwino wake kwa womanga ndi woonekeratu. Ikugwira ntchito lero, ndiye Google Earth ikuionetsa bwinobwino, ndipo amene ali ku Balaka atha kukajambula mlatho kapena siteshoni ndi foni madzulo omwewo. Mitu ya GE ndi ya banja limene anthu a magemu analizolowera, kotero phokoso ndi kayendetsedwe sitiyambira pa ziro. Ndipo munthu wa ku Brazil kapena ku Australia amene amakonda sitima zolemera atha kuikopera ngakhale sakudziwa kuti Neno ili kuti.

Vuto langa ndi limodzi, koma ndi lalikulu: mukakhala pampando wa dalaivala, mudzakhala mukuchita chiyani? Njanjiyi anaimanga ndi ndalama zambiri ndi cholinga choti dalaivala asavutike. Makona ndi otakasuka, zitunda anazidula, zigwa anazikwirira. Ndinayesapo kukoka sitima yotere mu gemu, pa njira ina ya ku America, usiku wina magetsi atabwera mochedwa. Nditaidzutsa n'kufika pa liwiro lake, ndinapita kukatereka madzi a tiyi, ndinabwerako, ndinayankha mauthenga a pa WhatsApp, sitima ikungopita. Chimene chinandidzidzimutsa ndi belu lija lofunsa ngati dalaivala ali maso. Sindinali maso. Kuchoka pa Liwonde kupita ku Nayuchi ndiye kuli chidikha chokhachokha, madambo a pakati pa nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, kokongola kukajambula dzuwa likamalowa koma dzanja lilibe chogwira. Tikati tidule chigawo choti munthu amalize pa ola limodzi kapena awiri, timapezeka tanyamuka patchire n'kukaima patchire, chifukwa kopakira malasha ndi kotsitsira konse kuli ku Mozambique. Sitima yokha ya anthu ya ku Nayuchi ndi mashanting'i (kusanja mabogi m'yadi) a pa Nkaya ndi zimene zingaipulumutse. Palinso nkhani ya zizindikiro za kampani: kuti mutu uvale mtundu ndi dzina lenileni pa chinthu chogulitsa pamafunika chilolezo, ndipo makalata otere sayankhidwa msanga.

Ya Salima sindichedwapo. Njanji yochoka ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, ndipo yokwera ku Lilongwe inatsegulidwa mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, n'kupitirira mpaka ku Mchinji chaka chotsatira. Kulumikiza ku Chipata kunadikira mpaka 2010, ndipo n'chifukwa chake anzathu a ku Zambia akuikonda. Ili ndi chitunda chenicheni, kuchoka kunyanja kukwera kuchigawo chapamwamba, ndipo imathera pabwino, pa Kanengo, pamene pali fodya, feteleza ndi matanki a mafuta, zinthu zopatsa dalaivala ntchito yosiya bogi apa n'kukatenga lina apo. Mukaiyambira pa Chipoka mumapezanso doko ndi nyanja pawindo. Koma pakati pake masiteshoni ndi otalikirana, sitima zakhala zochepa, ndipo ambiri mwa amene akuivotera sanaikwerepo. Ndikuiika pa nambala 2, osati chifukwa ndi yoipa, koma ilibe chimene chingagwire munthu pakhosi kuti amange kwa miyezi osalipidwa.

Tsopano ya kumtima kwanga. Njanji yoyamba m'dziko muno ndi ya Shire Highlands Railway, imene inalumikiza Port Herald, Nsanje ya lero, ndi Blantyre mu 1908, mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Amene anaimanga analibe makina odula mapiri, ndiye anatsata madzi. Kuchoka pa Chiromo inagwira m'mbali mwa Ruo, mtsinje umene ndi malire athu ndi Mozambique, n'kumakhota kulikonse kumene mtsinjewo wakhota. Kumunsiko nthaka siifika ngakhale mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Limbe ili kupitirira mamita 1,000. Kusiyana konseko dalaivala amakumva m'manja.

Ndinaikwera ndili mwana, kupita kwa agogo nthawi ya holide, ndipo zimene ndikukumbuka ndi zimene ndikufuna mu gemu. Ukanyamuka pa Limbe m'mawa kuli chifunga, majuzi ali m'thupi. Ukamayandikira Luchenza phiri la Mulanje limangotulukira lonse ngati khoma. Kenako Khonjeni, Sandama, Thekerani, Sankhulani, ndipo paliponse pamene yaima, nthochi zimafika pawindo usanatulutse ndalama: amayi atasenza mikoko, ana akuthamanga ndi nzimbe ndi zinanazi, wina akukankhira mbuzi m'bogi kondakitala akukalipa. Pamakona ena unkati ukasuzumira umaona mutu wa sitima yako yomwe ukulowera kwina, mawilo akulira tswiii, Ruo ali pansipo akuchita thovu pamiyala. Pofika pa Makhanga juzi ija wavula kalekale, ndipo m'bogi Chilomwe chachepa, chamveka Chisena. Ulendo umodzi, nyengo ziwiri.

Pa nkhani yoyendetsa, apa ndiye pali gemu. Potsika, ukamanga mabuleki mochedwa walowa pakona ndi liwiro loposa; ukamanga kwambiri waima pakati pa phiri, ndipo mabuleki akale aja a vacuum samasuka msanga ngati a mpweya. Pokwera, mvula ikagwa pa njanji mawilo amaterereka, uyenera kuthira mchenga ndi kuchepetsa mphamvu pamene mtima ukuti wonjezera. Njanji ndi imodzi, ndiye ukachedwa pa Sandama mnzako wochokera kumunsi akukudikira pa siteshoni yotsatira, ndandanda yonse yasokonekera chifukwa cha iwe. Masiteshoni ndi oyandikana, palibe mpata wokatereka tiyi. Pa ya malasha umalimbana ndi kulemera kamodzi ponyamuka ndi kamodzi poima. Pa ya Ruo umalimbana ndi njanji mphindi iliyonse.

Mudzati, koma njanjiyo inafa. N'zoona kuti madzi osefukira anadula pa Chiromo mu 1997, sitima n'kumathera pa Makhanga, ndipo madzi a mu 2015 anawononganso kumunsiko. Ntchito yokonzanso inayambira kumalire, pa Marka kulowera ku Bangula. Koma gemu siikakamiza kuti timange za lero. Ine ndikuti tiike njirayi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nkhondo ya ku Mozambique isanatseke njira ya ku Beira. Nthawi imeneyo iyi inali msewu waukulu wa katundu wa dziko lino: tiyi wopakiridwa pa Luchenza, fodya wa ku Limbe, shuga wa ku Nchalo wokwezedwa pa Bangula, thonje, ndipo kuchokera kudoko mafuta ndi feteleza zikukwera phiri. Zonse zinkawolokera pa mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika kupitirira makilomita atatu ndi theka, umene unatsegulidwa mu 1935. Mitu ya dizilo ya ku Canada, ya MLW, inali italowa kale. Kusankha nyengo imeneyi kukutichotseranso mutu wa zilolezo pang'ono, popeza Malawi Railways ya masiku amenewo inasiyira Central East African Railways mu 1999. Ndipo amene amakonda za nthunzi adzapeza pobwerera m'mbuyo pa njanji yomweyo. Timitu tiwiri toyambirira, Thistle ndi Shamrock, tikadalipo, kena pa siteshoni ya Limbe, kena kumalo osungira zakale ku Chichiri, moti munthu atha kukatiyeza ndi tepi.

Zovuta zake ndizinene ndekha musanandinene. Choyamba, zithunzi. Ya malasha mutha kuijambula mawa. Ya Ruo ya 1978 ili m'maalubamu a anthu ndi m'mitu mwa madalaivala opuma ntchito. Malo ena tchire lakwirira njanji moti pa Google Earth umangotsata mzere wa mitengo n'kumaganizira. Chachiwiri, mapu aulere a kutalika kwa nthaka, aja a SRTM, amachita bwino pachidikha koma m'chigwa chopapatiza ngati cha Ruo amasalaza zonse, mtsinje ndi phompho n'kukhala chimodzi. Ndinayesa kachigawo kakang'ono kumunsi kwa Thekerani: njanji inalowa m'phiri, n'kutulukira m'mwamba ngati waya wa magetsi, ndipo Loweruka lonse linathera kukumba ndi mbewa ya kompyuta malo osakwana kilomita imodzi. Chachitatu, mutu wa MLW ndi mabogi athu akale palibe poti tikatole, wina ayenera kuzipanga kuyambira pa wilo. Apa ya malasha yatiposa, ndipo sindikutsutsa.

Palinso kanthu kena kamene njira zonse zitatu zikusowa mofanana: zinthu za m'mbali mwa njanji. Mukamanga ndi zimene zimabwera ndi gemu, Luchenza imaoneka ngati mudzi wa ku England, mitengo ya oak ndi ng'ombe zonenepa. Tikufunika nyumba za njerwa zootcha ndi malata, nkhokwe, minda ya chimanga ndi ya tiyi, nthochi, mibawa, milambe ya kumunsi, njinga za kabaza, anthu osenza katundu. Zimenezi zikapangidwa kamodzi zidzagwira ntchito pa njira ina iliyonse ya kwathu, ndipo ya Ruo ndi imene ikuzifuna zonse, za kumapiri ndi za kuchigwa. Tikayamba ndi ya malasha tidzangokhala ndi tchire ndi miyala ya pa njanji.

Ndiye voti yanga ndi Limbe mpaka Bangula, m'ma 1970, mu Train Simulator Classic, koma tisaimeze yonse nthawi imodzi. Gawo loyamba likhale Limbe mpaka Luchenza: pali yadi yaikulu ya pa Limbe yochitira mashanting'i, mtunda ndi wofatsa woti tiphunzirirepo, ndipo ambiri tili pafupi kukajambula nyumba za siteshoni zimene zikadaimabe. Podikira mutu wathu titha kubwereka wa dizilo wa ku South Africa, muyeso ndi umodzi. Likayenda limenelo, titsikire ku Sandama.

A malasha musakwiye, pa Nkaya tidzafika. Pakali pano chimene ndikupempha ndi ichi: amene muli ndi agogo kapena amalume amene anagwirapo ntchito ku njanji, makamaka aku Mpingwe ndi ku Luchenza, kawafunseni ngati anasunga ndandanda yakale ya sitima, buku la malamulo a madalaivala, kapena chithunzi chilichonse cha siteshoni ya Khonjeni ndi mlatho wa Chiromo usanaduke. Ngakhale chong'ambika pakona, chijambuleni ndi foni pamalo owala, mufunsenso kuti ponyamuka pa Makhanga kukwera phiri ankakoka mabogi angati.