AC ya Hilux yosinthidwa injini, patatha miyezi 8

Galimotoyi ndi Hilux yakale imene inachotsedwa injini ya 3L n'kuikidwa ina ya turbo, 1KZ-TE. AC (makina oziziritsa mpweya m'galimoto) inakonzedwa mu Marichi: kompuresa ya Denso yobwera ndi injiniyo, drier (chosefa gasi ndi kuyamwa chinyezi) ndi expansion valve (valavu yotsitsa pressure ya gasi kuti azizire) zatsopano, ma O-ring (timphete ta labala totseka pamfundo) obiriwira paliponse, ndi mapaipi awiri a labala opangitsa chifukwa akale sankafika. Mafuta a kompuresa ndi PAG 46, vacuum (kuchotsa mpweya ndi chinyezi m'mapaipi) inakokedwa mphindi 45, kenako gasi wa R134a magalamu 650, woyeza pa sikelo osati wongoganizira.

Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti panalibe chodandaula. Koma kuzizira kwa ku Ulónguè, ku Mozambique, sikuyesa AC, ngakhale yodwala imaoneka yamoyo kumeneko. Mayeso enieni anabwera mu Okutobala mumzinda wa Tete, kutentha kutadutsa madigiri 40. Poyenda inkazizira bwino, koma pamzere wolowera pa mlatho wa Samora Machel mpweya unkafunda, kompuresa n'kumangoti thapu, kuzima, kuyakanso. Geji ya mbali ya high (kumene gasi amatuluka mu kompuresa) inkakwera kupitirira 30 bar, pamene switch ya Toyota imadula pafupifupi pa 32 kuti mapaipi asaphulike.

Apa amakaniko ambiri amathamangira kuwonjezera gasi. Musalole, pressure imangokwereratu. Vuto linali mphepo. Chivindikiro chozungulira fani chinasiyidwa poika injini chifukwa sichinkakwana, ndiye fani inkangopukusa mpweya m'mbali m'malo moukoka kudzera mu kondensa (karediyeta ka kutsogolo kochotsa kutentha mu gasi). Kondensayonso inali itamatidwa fumbi lakuda la malasha a ku Moatize, mpaka kuwala kwa tochi osadutsa. Inatsukidwa ndi madzi opanda mphamvu kuchokera kumbuyo (makina opopera mwamphamvu amapinda tizipsepse), chivindikiro chinadulidwa n'kubwezeredwa, ndipo kutsogolo kunaikidwa fani yamagetsi ya mainchesi 12 yodzera pa relay ndi fuse ya 30 amp. Tsopano galimoto itaima masana geji imakhala pakati pa 17 ndi 19 bar.

China chinaoneka patatha miyezi isanu ndi umodzi AC itakonzedwa. Paipi yochoka ku kompuresa inadutsa pafupi kwambiri ndi turbo, yomwe pa 3L kunalibe. Labala inauma, ndipo pamfundo panayamba kuoneka mafuta ogwira fumbi, chizindikiro choti gasi akuthawa. Paipiyo inasinthidwa, kusunthidwa ndi bulaketi n'kukulungidwa nsalu yotchinga moto. Drier anasinthidwanso popeza mapaipi anatsegulidwa.

Kompuresa sinavutepo. Lamba anangokungidwa kamodzi basi.