Fotokope yakaunjika ija, patatha miyezi isanu ndi inayi

Dzulo mnzanga wa ku Chipoka wandifunsa ngati angagule makina a fotokope ngati angawa. Funsolo landipeza nditangouzidwa mtengo wa dramu yatsopano, kachipangizo ka m'kati mwa fotokope kamene kamadinda zilembo ndi zithunzi papepala, ndiye mundikhululukire ngati ndikulemba ndi mkwiyo.

Fotokopeyi ndinaigula mu Januwale pa shopu ina ku Lilongwe kuti ndizisindikizira kamagazini ka anyamata a hip hop ndi dancehall kuno ku Salima, aja nyimbo zawo sizimveka pa wailesi. Mapepala anayi a A4, kupinda pakati, mastepulo awiri, masamba 16. Liwiro ili nalo. Kutsogolo ndi kumbuyo imasindikiza bwino. Zithunzi imaziwotcha, zotuwa zonse zimasanduka zakuda bii kapena zoyera mbee, ndipo ine ndimakonda choncho.

Nkhani yagona pa mzere. Mu Meyi munayamba kutuluka kamzere kakuda, kopyapyala ngati ulusi, kodutsa pepala lonse. Ndinapukuta galasi, ndinagwedeza tona (inki yaufa ija), koma ayi ndithu. Pachikuto cha mwezi umenewo kamzereko kanadula nkhope ya woimba wina padiso penipeni. Ndinapita nawo ku Kamuzu Road makopewo mwamanyazi, nditakonzeka kupepesa. Mnyamatayo anachiyang'anitsitsa chithunzicho kwa nthawi, kenako akuti, "Aise, chipsera ichi usachotse. Ndi mmene tikukhalira." Mwezi wotsatira anzake awiri anandipempha kuti nawonso mzere uwadutse pankhope!

Sizachilendo ayi. Sniffin' Glue, kamagazini ka nyimbo za punk kamene Mark Perry anayambitsa ku London mu 1976, mitu yake inkalembedwa pamanja ndi maka, zolakwika n'kungozikhwatcha. Kusakongolako ndiye kunali uthenga: pano palibe kampani, talemba tokha. Nafenso mitu timadula zilembo m'nyuzipepala zakale zokulungira chipisi, nthawi zina mafuta ake amaoneka pakope. Kwa miyezi iwiri ndinkayenda monyada ngati kamzere kaja ndinachita kukonza dala.

Koma zilembo zodula ndimasankha ndekha, pamene mzerewu sundifunsa. Pano wanenepa ngati chala cha mwana, ndipo mu Seputembala unameza mavesi awiri a nyimbo ya mtsikana wina amene anadikira miyezi itatu kuti alowemo. Iyeyo sanaone chipsera cha luso. Anangondibwezera kope lake.

Nditaimbira ogulitsa aja, anandiuza kuti, "Bwana, chimenecho ndi chinyezi cha kunyanja, komanso walanti inali ya miyezi itatu." Pogula paja sanatchule za nyanja, chonsecho ndinawauza kuti ndikupita nayo ku Senga Bay. Dramu yatsopano yoti ithetse mzerewu akuti ilipo, mtengo wake pafupifupi theka la ndalama zimene ndinagulira makina onse, thiransipoti yanga.

Mnzanga uja ndamuuza kuti agule, koma dramu akaitsegule pomwepo mwini shopu akuona. Ine kope la Okutobala lituluka ndi mzere wake womwewo. Mawu a nyimbo ndawasunthira kumanja.