Chipangano Chatsopano cha Chigiriki cha Nestle-Aland 28: chuma chili m'munsi mwa tsamba

Ndakhala ndi bukuli miyezi isanu ndi itatu tsopano, ndipo ndikulipatsa nyenyezi zisanu. Linatuluka mu 2012, koma chiyambi chake ndi 1898 pamene Eberhard Nestle anatulutsa loyamba. Mawu a Chigiriki ali pamwamba, ndipo m'munsi mwa tsamba lililonse muli timizere tothinana tosonyeza zimene mipukutu yakale yosiyanasiyana imanena pa vesi lomwelo. Ndalama zanga ndinalipirira timizere timeneto.

Milungu yoyamba ndinkangotiyang'ana osatolapo kanthu. Muli zidule za Chilatini, zilembo zoimira mipukutu, manambala, ndi tizizindikiro tokuuzani kuti apa mawu achotsedwa, apa awonjezedwa, apa asinthanitsidwa. Ndinadzilembera zonsezi pakapepala n'kukaika mkati mwa chikuto. Kapepalako kada ndi zala, koma pano sindikayang'ananso kawirikawiri.

Pamene ndinalikondera kwenikweni ndi pa Yuda vesi 5. Ndinakula ndikudziwa kuti "Ambuye" ndiye anapulumutsa anthu m'dziko la Iguputo. Buku lino lalemba kuti "Yesu". Ndinatsitsa chala m'munsi, n'kupeza kuti mwa mipukutu yakale ya Chigiriki, Vaticanus ndi Alexandrinus akuti Yesu, Sinaiticus akuti Ambuye, pomwe gumbwa wa P72 akuti "Mulungu Khristu". Usiku umenewo ndinachedwa kugona, ndikuganiza za mlembi wakale wokopera mpukutu, cholembera kumanja, akudabwa kuona dzina la Yesu mu nkhani ya nthawi ya Mose. Kodi anaona ngati mnzake analakwitsa n'kulikonza? Bukuli silikuyankhirani. Limangokuikirani mboni patsogolo kuti muzimve nokha.

Marko 16:9-20 ndi Yohane 7:53-8:11 zili m'mabulaketi awiriawiri, kusonyeza kuti akonzi a bukuli amaziona ngati zowonjezedwa pambuyo pake. Sinaiticus ndi Vaticanus, za m'zaka za m'ma 300, zimamaliza Marko pa 16:8, ndipo ndime ya Yohaneyo, nkhani ya mayi wogwidwa m'chigololo, mulibe mu gumbwa wa P66 ndi P75. Izi ndinkangozimva kwa aphunzitsi. Kudzionera ndekha kunandikhazika mtima pansi, sikunandigwedeze chikhulupiriro ayi.

Pa 2 Petro 3:10 pokha mtima wanga sunavomerebe. Ponena za dziko ndi ntchito zili momwemo, akonzi anaikapo mawu akuti "sizidzapezeka", komatu palibe mpukutu wa Chigiriki umene uli ndi "si-" ameneyo, anatsamira pa matembenuzidwe akale monga a Chikoputiki, chinenero chakale cha ku Iguputo. Chabwino n'chakuti sanabise, zonse zili pomwepo m'munsimo, ndipo mukhoza kutsutsana nawo muli ndi umboni m'manja.

Ngati Chigiriki simunachiyambe, dikirani kaye, lidzangokhala pashelufu. Ngati maso anu amatopa msanga, funsani la zilembo zikuluzikulu chifukwa lilipo. Ndipo musalumphe mawu oyamba ofotokoza zizindikiro monga ndinachitira ine. Ndinataya mwezi wathunthu ndisanabwerere kukawawerenga.